Mkangano wa 1964: Kodi Mphamvu za Boma Zili m'Manja mwa Yani?

Nkhani ya pa wailesi yokambira alimi, mafumu ndi anyakwawa

Lero tikamba za Malamulo Aakulu oyendetsera dziko lathu, amene ena amawatchula kuti konsitichushoni, ndiponso za mkangano umene unabuka pakati pa atsogoleri amene anatitengera ufulu. Anthu amenewa analimbana ndi Chitaganya ali pamodzi, ambiri a iwo anamangidwa pamodzi mu 1959, ndipo pa 6 July 1964 analandira ufulu ali pamodzi. Koma isanathe miyezi itatu anali atapatukana. Chimene chinawalekanitsa ndi funso limodzi: kodi malamulo aja anaika mphamvu m'manja mwa mtsogoleri yekha, kapena m'manja mwa mtsogoleri pamodzi ndi nduna zake?

Ambiri a inu mumafika ku Lilongwe, ena kudzagulitsa fodya ku Kanengo, ena kudzagula makasu ndi feteleza ku Old Town. Mukachoka kumsika ndi kuoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe kulowera ku Area 3, mupeza msewu wotchedwa Glyn Jones. Mukapitirira ku City Centre muona Nyumba ya Malamulo, pafupi pake pali manda a Dr. H. Kamuzu Banda, ndipo chapatsogolo pali Capital Hill, kumene kuli maofesi a nduna. Maina ndi nyumba zimenezi zili ndi mbali m'nkhani yathu, ngakhale kuti mkanganowo unachitikira ku Zomba, pakuti masiku amenewo likulu la dziko linali komweko.

Zimene malamulo a 1964 ananena

Malamulo amene tinayamba nawo ufulu anachokera pa zokambirana za atsogoleri athu ndi Boma la Angerezi, makamaka pa msonkhano wa ku Marlborough House mu London, mu November 1962. Anatsata kayendetsedwe ka ku Mangalande. Mutu wa dziko anali Mfumu Yaikazi Elizabeth II, ndipo woiimirira kuno anali Bwanamkubwa, Sir Glyn Jones, mwini dzina la msewu uja. Ntchito yolamulira inali m'manja mwa Nduna Yaikulu, Dr. Banda, ndi bungwe la nduna lotchedwa kabineti.

Tsono m'malamulomo munali zinthu ziwiri zimene muyenera kuzigwira bwino. Choyamba, Bwanamkubwa ankaika nduna pa mpando ndi kuichotsa potsata uphungu wa Nduna Yaikulu. Chachiwiri, nduna zonse zinali ndi udindo umodzi pamaso pa Nyumba ya Malamulo, ndiko kuti chimene Boma lachita, nduna zonse ziyankhapo pamodzi ngati munthu mmodzi. Pa pepala zinthu ziwirizi sizitsutsana. Koma munthu akagwiritsa choyamba, aona kuti mwini mphamvu ndi Nduna Yaikulu. Akagwiritsa chachiwiri, aona kuti palibe chachikulu chimene chingachitike nduna zisanakhale pansi ndi kuvomerezana. Apa ndi pamene panagona mkangano.

Maganizo a nduna

Nduna zimene zinatsutsa sizinali anthu wamba. Bambo Orton Chirwa, nduna ya zachilungamo, anali loya, ndipo ndiwo anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959 pamene Dr. Banda anali m'ndende ku Gwelo. Bambo Henry Masauko Chipembere, nduna ya maphunziro, ndi Bambo Kanyama Chiume, nduna yoona za maiko akunja, anali pakati pa anthu amene anaitana Dr. Banda kuti abwerere kwawo mu 1958. Panalinso Bambo Yatuta Chisiza, Bambo Augustine Bwanausi, Bambo Willie Chokani, ndi Mai Rose Chibambo, mtsogoleri wa amai m'chipani, amene nkhope yao inaikidwa pa ndalama ya K200 mu 2012.

Maganizo ao anali otere. Ngati malamulo anena kuti tonse tiyankha pamodzi pa zochita za Boma, ndiye kuti tiyeneranso kupangana pamodzi. Munthu sangasenze mlandu wa chinthu chimene sanafunsidwe. Nduna Yaikulu ndi mkulu pakati pa anzake, koma anzakewo si amithenga ake. Anadandaula kuti Dr. Banda anasunga maunduna angapo m'manja mwao, kuti ankagamula zinthu paokha, ndiponso kuti ankawatchula pamaso pa anthu kuti anyamata ao.

Panalinso nkhani zina zimene zinakhudza anthu onse. Boma linalamula kuti wodwala aliyense wopita kuchipatala cha Boma azilipira tiki, ndiye mapeni 3, ndipo nduna zinati wosauka wa kumudzi sangathe. Lipoti la Skinner lonena za malipiro a ogwira ntchito m'Boma linakwiyitsa makalaliki ndi antchito ena achikuda. Maudindo aakulu anali akadali m'manja mwa Azungu, ndipo nduna zinafuna kuti ana a dziko lino awatenge msanga. Zinakananso ubwenzi ndi Apwitikizi, amene pa nthawiyo anali kulamulira Mozambique, ndipo zinafuna ubale ndi Boma la China la ku Peking, limene kazembe wake wa ku Dar es Salaam analonjeza chithandizo cha mapaundi 18 miliyoni. Ngakhale ufulu usanathe mwezi, Bambo Colin Cameron, nduna yokha yachizungu, anatula pansi udindo chifukwa chokana lamulo lomanga anthu popanda kuwazenga mlandu.

Inu anyakwawa maganizo amenewa si achilendo kwa inu. Mfumu sidzilonga yokha ufumu, ndipo siweruza mlandu ili yokha m'nyumba. Imakhala pabwalo ndi nduna zake, ankhoswe alankhula, anthu akumva. Makolo anati mutu umodzi susenza denga.

Maganizo a Dr. Banda

Nawonso Dr. Banda anali ndi zifukwa zao, ndipo tiyenera kuzimva bwino lomwe. Iwo anati malamulo anena poyera kuti wosankha nduna ndi Nduna Yaikulu, ndipo amene ali ndi mphamvu yoika ali nayonso yochotsa. Anakumbutsa kuti pa msonkhano wa ku Nkhata Bay mu August 1958, Congress inawapatsa mphamvu yosankha okha akuluakulu a chipani, ndi kuti mu 1960, pa msonkhano wa ku Nkhotakota, chipani chinawaika kukhala mtsogoleri wake wa moyo wonse. Amene analimbikira kuti apatsidwe mphamvuzo anali anyamata omwewo. Kwa Dr. Banda, anthu a m'midzi anaika chikhulupiriro chao pa iwo, ndipo nduna zinali zowathandiza kukwaniritsa pangano limenelo.

Pa nkhani zina zija anayankhanso. Boma la Malawi linayamba ufulu lili losauka, ndalama za misonkho zosakwana kuyendetsera ntchito, kotero kuti Angerezi ankaonjezerapo chaka ndi chaka. Chifukwa chake anaona kuti tiki ya kuchipatala ndi kusakweza malipiro zinali zofunika. Za maudindo anati munthu atenge mpando akaphunzira ntchito yake, osati chifukwa cha khungu. Za Apwitikizi anati fodya, tiyi ndi mtedza wa alimi a dziko lino zinkatuluka pa njanji ya ku Beira, ndipo kudana ndi mwini njira kukadapha malonda athu. Mwa maganizo ao, dziko laling'ono longobadwa kumene silikadapirira atsogoleri ambiri okokerana. Nawonso akadatha kutchula mwambi wao, woti atambala awiri salira m'khola limodzi.

Mukuona tsono kuti mbali zonse ziwiri zinawerenga pepala limodzi, ndipo palibe mbali imene inanama pa zolembedwa. Kusiyana kunali pa tanthauzo.

M'mene mkangano unathera

Pa 26 July 1964, pobwera kuchokera ku msonkhano wa maiko a mu Africa ku Cairo, Dr. Banda anachenjeza nduna zao pamaso pa anthu pa bwalo la ndege la Chileka. Pa 26 August nduna zinanena madandaulo ao mu kabineti, ndipo pambuyo pake zinakomana ku Kuchawe, pamwamba pa phiri la Zomba, ndi kuwalemba pa pepala. Sir Glyn Jones anayesetsa kukhala nkhoswe pakati pao, koma malamulo sanawapatse mphamvu yogamula. Iwo anayenera kutsata uphungu wa Nduna Yaikulu malinga ngati Nyumba ya Malamulo ikuikhulupirira.

Pa 7 September Bambo Chirwa, Bambo Chiume, Bambo Bwanausi ndi Mai Chibambo anachotsedwa. Bambo Chisiza, Bambo Chokani ndi Bambo John Msonthi anatula pansi udindo, ngakhale kuti Bambo Msonthi anabwereranso posachedwa. Bambo Chipembere anali ku Canada, ndipo atafika nawonso anatula pansi pa 9 September. Bambo John Tembo, nduna ya zachuma, anakhalabe ndi Dr. Banda.

Pa 8 ndi 9 September nkhani inapita ku Nyumba ya Malamulo, ndipo aphungu anavomereza kuti akukhulupirira Dr. Banda. Koma muyenera kudziwa m'mene Nyumba imeneyo inaliri. Mwa aphungu 53, aphungu 50 anali a Malawi Congress Party, ndipo onsewo analowa popanda wopikisana nao pa chisankho cha 1964, atavomerezedwa ndi mtsogoleri wa chipani. Kunena kwina, oweruza mlandu anali oikidwa ndi mmodzi wa eni mlandu. Palibe mbali imene inatengera funsolo ku bwalo loima palokha kuti likamasulire malamulo.

Mlandu wosowa bwalo umathera pa zibonga. Kumapeto kwa September ku Zomba kunali kumenyana pakati pa antchito a Boma okonda nduna ndi achinyamata a chipani. Nduna zambiri zinathawira ku Zambia ndi ku Tanzania. Mu February 1965 Bambo Chipembere ndi anthu ao analanda boma la Fort Johnston, kumene lero timati Mangochi, koma analephera kuoloka Shire pa Liwonde. Iwo anamwalira ku America mu 1975. Bambo Yatuta Chisiza anaphedwa mu October 1967 atalowa m'dziko ndi zida cha ku Mwanza. Bambo Orton Chirwa ndi akazi ao, Mai Vera Chirwa, anagwidwa mu December 1981, anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983 ndi bwalo la mafumu kumene loya sankaloledwa, chilango chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse, ndipo Bambo Chirwa anamwalira m'ndende ya Zomba mu October 1992. Koma ovutika sanali atsogoleri okha. Midzi ina ya ku Mangochi inatenthedwa, anthu wamba anamangidwa, ndipo mafumu ena oganiziridwa kuti ali ku mbali ya nduna anachotsedwa pa ufumu. Njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu.

Malamulo a 1966

Mbali imene inapambana inalemba maganizo ake m'malamulo atsopano. Mu 1965 komiti ya chipani yotsogozedwa ndi Bambo Aleke Banda inakonza malamulo ena, ndipo pa 6 July 1966 Malawi anakhala Republic. Udindo wa Bwanamkubwa unatha. Dr. Banda anakhala Pulezidenti, mutu wa dziko ndi wa Boma pamodzi. Chipani chololedwa chinakhala chimodzi. Gawo lotchula ufulu wa munthu aliyense, limene linalimo m'malamulo a 1964, silinalowemo. Mu 1971 malamulo anasinthidwanso kuti Dr. Banda akhale Pulezidenti wa moyo wonse. Funso la 1964 linayankhidwa mwa kufafaniza mbali imodzi.

Mzinda wa Lilongwe womwe ndi mboni ya nkhani imeneyi. Dr. Banda anafuna kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba kuti chitukuko chifike ku Chigawo cha Pakati ndi cha Kumpoto. Angerezi anakana kupereka ndalama. Mu 1967 Malawi anatsegula ubale ndi Boma la Azungu la South Africa, chinthu chimene nduna zochotsedwa zija sizikadavomera, ndipo mu 1968 Boma limenelo linapereka ngongole yoyambira ntchito. Ndi m'mene zinamangidwira Capital Hill ndi City Centre, ndipo pambuyo pake panakula malo a nyumba zikuluzikulu monga Area 10, Area 12 ndi Area 43. Likulu linasamukira kuno mu 1975. Okonda Dr. Banda amaloza mzinda uno ndi kunena kuti onani chimene mtsogoleri wosazengereza angachite. Koma Nyumba ya Malamulo imene ili pafupi ndi manda ao, yotsegulidwa mu 2010, inamangidwa ndi Boma la China, lomwe lija nduna zinalifuna mu 1964. Malawi anatsegula ubale ndi Boma limenelo kumapeto kwa 2007, patapita zaka 43.

Malamulo a 1994

Pa 14 June 1993 anthu anafunsidwa pa riferendamu, ndipo anthu pafupifupi 63 mwa 100 alionse anasankha zipani zambiri. Malamulo atsopano anayamba kugwira ntchito mu May 1994 ndipo anakhazikitsidwa mu 1995. Olemba ake anakumbukira 1964.

Sanatenge maganizo a mbali imodzi yokha. Pulezidenti ali nayo mphamvu yosankha ndi kuchotsa nduna, monga ananenera Dr. Banda. Koma mphamvu zake zinaikidwa malire, monga zinafunira nduna zija. Gawo 12 limati mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a Malawi, ndipo wozigwiritsa ntchito wangosungitsidwa, monga m'mene mfumu imasungira malo a mudzi osakhala mwini wake. Gawo 83 limati Pulezidenti alamulire zaka 5, ndipo asapitirire maulendo awiri otsatana. Gawo 5 limati lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha Boma chotsutsana ndi Malamulo Aakulu chilibe mphamvu. Chachikulu pa nkhani yathu ndi Gawo 9, limene limapatsa mabwalo a milandu ntchito yomasulira ndi kuteteza malamulowo mosakondera ndi mosalamulidwa ndi wina. Bwalo limene linasowa mu 1964 linakhazikitsidwa.

Musaganize kuti kusiyana maganizo kunatha. Mu July 2002 kunabwera ganizo lochotsa malire a maulendo awiri aja. Kuti litheke panafunika aphungu awiri mwa atatu alionse, ndipo Nyumba ya Malamulo, itakhala muno mu Lilongwe, inaperewera mavoti 3, ganizolo nkugwa. Chitsanzo china ndi Gawo 80, limene linkanena kuti Pulezidenti asankhidwe ndi anthu ochuluka. Kodi ochuluka ndi angati? Mu 2000, pa mlandu wa Bambo Gwanda Chakuamba, bwalo lalikulu la apilo linati wopambana ndi amene waposa anzake onse, ngakhale asafike theka. Ndi tanthauzo limenelo atsogoleri analowa m'Boma ndi mavoti osafika 40 pa 100 mu 2004, mu 2014 ndi mu 2019. Koma pa 3 February 2020 oweruza 5 atakhala ku Lilongwe, pa mlandu wa Dr. Saulos Chilima ndi Dr. Lazarus Chakwera, anafafaniza chisankho cha 2019 ndipo anati ochuluka ndi oposa theka la mavoti onse oponyedwa. Bwalo la apilo linavomereza pa 8 May, ndipo chisankho china chinachitika pa 23 June 2020. Mawu a m'bukulo anali omwewo, tanthauzo linasintha. Dziko linatekeseka ndithu miyezi imeneyo, kunali zionetsero ndipo katundu anaonongeka, koma mlandu unathera pabwalo, ogonja anachoka pa mpando, ndipo palibe nduna imene inathawira kunja chifukwa cha chigamulocho.

Phunziro la ife a kumudzi

Mwina wina afunsa kuti nkhani za akuluakulu a m'tauni zikumukhudza bwanji mlimi wa ku Mitundu kapena ku Nsaru. Kumbukirani kuti mkangano wa 1964 unakhudza tiki ya kuchipatala ndi njira yotulutsira fodya. Funso loti agamule ndani limafika mpaka m'thumba la mlimi.

Ndiponso masiku ano pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi malamulo olembedwa. Kalabu ya alimi ili nawo, kopaletivu ili nawo, komiti ya chitukuko cha mudzi, ya sukulu, ya mjigo ndi banki mkhonde zili nawo. Mikangano imene imapha magulu amenewa ndi yofanana ndi ya ku Zomba. Wapampando amati munandisankha ndine, mamembala a komiti amati sunatifunse. Tsono polemba malamulo a gulu lanu, yankhani mafunso anayi mukadali pa mtendere. Kodi ndi zinthu ziti zimene wapampando angagamule yekha, ndipo ndi ziti zofunika komiti yonse kapena msonkhano wa mamembala? Kodi wochotsa munthu pa udindo ndani, ndipo pa zifukwa ziti? Kodi udindo ukhala zaka zingati? Ndipo mukasiyana pa tanthauzo la mawu, adzamasulira ndani? Womasulirayo asakhale woikidwa ndi mmodzi wa okangana. Mawu onga akuti ochuluka kapena akuti mogwirizana musawasiye choncho. Lembani nambala yake.

Chinthu china: mphamvu imene mupatsa mtsogoleri pa nthawi ya nkhondo kapena ya njala, lembani tsiku limene idzathe. Anyamata a 1958 anapereka mphamvu zonse kwa munthu mmodzi kuti agwetse Chitaganya, ndipo Chitaganya chinagwadi pa 31 December 1963. Koma sanapangane za tsiku lobweza mphamvuzo, ndipo pamene anazifuna, malamulo a chipani amene iwo omwe anavomereza anawatsutsa.

Inu mafumu ndi anyakwawa muli ndi udindo waukulu pamenepa, pakuti ndinu amene anthu amathamangirako magulu akasemphana. Imvani mbali zonse ziwiri, funsani kuti pepala liwerengedwe mokweza pamaso pa onse, ndipo munthu wotsutsa musamuyese mdani. Bambo Chirwa, Bambo Chipembere, Bambo Chiume ndi Dr. Banda onse anakonda dziko lino, ndipo onse anavutikira ufulu wake. Chimene chinasowa pakati pao ndi bwalo limene onse akadaligonjera.

Malamulo Aakulu a dziko anamasuliridwa m'Chichewa. Funsani aphunzitsi a pa sukulu yanu kapena ku ofesi ya DC kuti akuthandizeni kupeza bukulo, ndipo pa msonkhano wa mudzi wina awerenge Gawo 5, Gawo 9 ndi Gawo 12 kuti amuna ndi amai omwe amve ndi kufunsa mafunso.